Mboni Yanga Inali ndi Makutu

Anzanga, musaseke msanga, dikirani ndifike kumapeto, chifukwa inetu kwathu kuno ku Likhubula ndine munthu wopatsidwa ulemu. Ndinayendetsa mathirakitala ndi malole a ku esiteti ya tiyi mpaka kupuma, ndipo pano ndili ndi kagalimoto kanga konyamulira alendo okwera phiri la Mulanje, ndimawatenga pa Boma kapena pa Chitakale n'kudzawatula m'munsi muno. Koma ntchito imene ndinatchuka nayo ndi ya unkhoswe. Banja likagwedezeka, anthu amathamangira kwa ine, ndipo mwamuna aliyense ndimamuuza mawu amodzimodzi: ukalakwa, pepesa lero lomwe dzuwa lisanalowe, chifukwa mlandu wa m'nyumba ukagona umadzuka utanenepa. Mawu amenewa ndawanena kambirimbiri, nditakhala pampando wabwino, mwendo wina uli pamwamba pa unzake.

Tsono mkazi wanga, amake Tadala, ndi katswiri wa kalongonda. Inu mukudziwa kuti kalongonda si nyemba zoti watereka, wapita kocheza, wabwera waphula. Amafuna tsiku lathunthu, nkhuni mtolo wonse, kutaya madzi ndi kuthira ena kangapo, apo ayi anthu amadzuka pamphasa mitu ikuzungulira ngati amwa kachasu. Zaka makumi atatu ndi chimodzi mayi ameneyu wakhala akundiphikira kalongonda, maso ali ofiira ndi utsi, ine n'kumangodya, kusamba m'manja, basi.

Ndiye kunali chinkhoswe cha mwana wa mnzanga wina, ndipo kalongonda wa tsiku limenelo anaphika Mayi Juwawo, mayi wamasiye wa m'mudzi woyandikana nafe. Ine nditadya, mimba itakhuta, anthu akundimvetsera monga mwa masiku onse, ndinafuna kusangalatsa wophikayo. Ndinakweza mawu n'kunena kuti kalongonda wokoma chonchi sindinamudyepo chibadwire. Chibadwire, anzanga! Amake Tadala anali poteropo, atanyamula beseni la madzi oti ine ndisambe m'manja. Mayi wina anayamba kukonza duku lomwe linali lokonzeka kale. Akuluakulu ananena kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Wanga sunachite kunditsata, tinakwera nawo galimoto imodzi kubwerera kunyumba.

Mukuganiza kuti mkazi wanga anandikalipira? Bwenzi zili bwino. Chimene anandipatsa ndi ulemu, ulemu wozizira ngati madzi a mumtsinje wa Likhubula mwezi wa Juni. M'mawa ankagwada n'kunena kuti madzi ali kubafa, bambo. Masana, chakudya chili patebulo, bambo. Munthu amene ankandiseka kuti ndimayenda ngati thirakitala yophwa tayala limodzi, amene ankandichingamira ndi nkhani za m'mudzi monse ndisanavule n'komwe nsapato, anasanduka ngati wantchito wa ku resiti hausi. Kuseka kunatha m'nyumba mwathu. Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha. Kuthamangitsidwa sindinkaopa ayi, ngakhale kuno n'kuchikamwini ndipo malo ndi awo. Ndinkaopa kuti ulemu umenewu ukhazikika, ndipo tidzakalamba ngati alendo awiri ogona nyumba imodzi.

Nanga bwanji osangopepesa? Funso labwino, ndipo nanenso ndikanamufunsa munthu wina. Koma mmeta mpala sadzimeta. Ndikati nditsegule pakamwa, m'malo mwa kupepesa ndinkapezeka ndikufunsa ngati nkhuku zalowa. Dzuwa linalowa koyamba, kachiwiri, mpaka kachitatu, nkhoswe wotchuka akufunsabe za nkhuku.

Apa ndiyenera kukuuzani za kakamera. Mwana wathu Tadala amagwira ntchito ku Blantyre, ndipo miyezi iwiri izi zisanachitike anandigulira kakamera ka m'galimoto, kaja amamata pagalasi lakutsogolo kuseri kwa kalirole. Ankati njinga zamoto za kabaza zachuluka, tsiku lina wina adzandigunda n'kundinamizira, ndiye ndikhale ndi mboni. Anakamata yekha, anaikamo kakhadi kosungira zithunzi, n'kuyamba kundifotokozera mabatani ake mmodzimmodzi. Ine ndinkangogwedeza mutu, maganizo ali kwina. Dalaivala wa zaka zonsezi aphunzitsidwe za m'galimoto ndi mwana amene ndinkamunyamula pamwendo? Ndinangomva kuti ukaliza injini kamayamba kokha kujambula, basi. Pakona pa kagalasi kake panali kachithunzi kakang'ono kangati chitsononkho choimika, ine ndinati chimenecho ndi chizindikiro cha batire. M'mutu mwanga kamera inali diso. Diso linamvapo liti?

Ndiye ndinapeza nzeru, ndipo ndinadziyamikira nayo. Ndinati vuto langa n'kusakonzekera. Akwaya amayeserera, ngakhale ana asukulu amayeserera sewero, nanga ine ndilekerenji? M'mawa uliwonse ndimachoka ku Likhubula ndili ndekha kupita kukatenga alendo, ulendo wabwino ndithu, mawindo otseka, palibe wondimva. Ndinati ndiziyeserera kupepesa m'menemo, ndikapsa bwino ndikatule kunyumba.

Tsiku loyamba zinatuluka ngati kalata yopita kwa bwana wa esiteti. Ndinayamba ndi kuthokoza chifukwa cha mpata umene wapatsidwa, ndinatchula mfundo yoyamba, yachiwiri, ndipo pofika pa Chitakale ndinali nditadzitopetsa ndekha. Tsiku lachiwiri ndinaona kuti chikusowa ndi woyankha, poti kupepesa ndi nkhani ya anthu awiri. Ndiye ndinayamba kumayankha ndekha m'malo mwa mkazi wanga, nditachepetsa mawu, kuwatulutsira m'mphuno. Ine ndinkati ndinalakwa, kenako ine yemweyo ndi timawu tating'ono ndinkati palibe kanthu, bambo, inu ndinu mwamuna wabwino, m'boma lonse la Mulanje mulibe wina. Zinkakoma kumva, koma mtima unandiuza kuti ukudzinamiza, amake Tadala sangakumasule motchipa chonchi. Ndinamuumitsa mtima woyankhayo. Anayamba kundifunsa mafunso ovuta, anandikumbutsa za malata a kukhitchini amene ndinalonjeza kalekale, anakumba ngakhale za tsiku limene ndinamuiwala pachigayo. Tsiku lina tinakangana kuchokera pamlatho mpaka pa Boma ndipo anandigonjetsa, mwini wake ali kunyumba akusesa pabwalo.

Pofuna kupambana mkanganowo ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinayamba kunyoza kalongonda wa Mayi Juwawo. Ndinati anali wosapsa, ndinati mchere anachita kuthira ndi fosholo, ndinati ndinayenda ndi chizungulire masiku awiri ndipo ndinangomuyamikira pomumvera chisoni. Bodza lokhalokha, mayi uja anaphika bwino ndithu. Koma ndinali ndekha, ndimati mawu akuthera m'mipando.

Sabata yachiwiri zinthu zinasintha. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma m'mawa wina, nkhungu itaphimba phiri, minda ya tiyi ili mbali zonse, ndinapezeka ndamutchula dzina lake. Esinati. Dzina limeneli ndinali nditasiya kulitchula chibadwire Tadala, poti munthu akabereka timamuitanira mwana. Litangotuluka, zonse zinabwerera. Ndinamuona ali mtsikana, dengu la tiyi lili kumsana, akubwera pasikelo pamene ine ndinkadikira ndi thirakitala. Masiku amenewo ndinamupekera kanyimbo, kopanda mutu kopanda mchira, koti Esinati dengu lako ladzaza, tsitsa ndikunyamulire. Ndinkamuimbira motsitsa kuti kapitawo asamve. Ndiye m'galimoto muja ndinakaimba. Mawu anga inu mukuwadziwa, kutchalitchi anandipempha mwaulemu kuti ndizingothandiza kusonkhanitsa mabuku. Koma ndinaimba, ndi mtima wonse, ndikumenya sitelingi ngati ng'oma.

Sabata yachitatu ndinasiya zoseweretsa mawu. Ndinkangolankhula zimene zinali mumtima. Ndinamuuza kuti ndikafika pakhomo osamva kuseka kwake, nyumba imakhala ngati ya eni. Ndinamuuza kuti chaka chija ndinagona m'chipatala mwezi wathunthu, ndinkadziwa kuti akugona pansi pa bedi langa pa chitenje chimodzi, ndipo sindinamuthokozepo. Ndinamuuza kuti ndimaopa kuti adzatsogola iyeyo, chifukwa ine sindidziwa n'komwe pamene pamakhala singano m'nyumba mwanga. Misozi inkatsika, ndinkapukuta ndi kansanza kopukutira galasi, n'kufika pa Boma maso ali psu, alendo n'kumandifunsa ngati ndili ndi chimfine. Madzulo ndikafika kunyumba, mawu onse aja ali okonzeka pakhosi, iye ankagwada n'kuti mwaswera bwanji, bambo. Ine ndinkati ndaswera bwino. Kenako ndinkafunsa za nkhuku.

Lachinayi la sabata imeneyo ndinatsimikiza kuti lero ndi lero. Mawu ndinali nawo, chinatsala ndi kaimidwe. Kodi ndikaima kapena ndikagwada? Manja ndikawaika pati? Ndikubwerera kunyumba chakumasana, ndili ndekha, ndikuyenda pang'onopang'ono, ndinati ndiyeserere komaliza zonse pamodzi, monga mmene munthu wopepesa kwa akulu amachitira. Ndinaweramitsa mutu. Chotsatira ndinangomva khu, kenako zinanazi zikugubuduzika mumsewu monse.

Ndinagunda njinga yakapalasa chakumbuyo. Mwamwayi ndinali pa liwiro la kamba, mwini wake anangogwera m'udzu n'kusupuka pachigongono, koma tayala lakumbuyo linapindika ngati chitumbuwa chopondedwa. Ndipo mwini wakeyo anali ndani? Dayisoni, bambo wa ana atatu amene amagulitsa zinanazi pa Chitakale, mwana wa Mayi Juwawo omwe aja, munthu amene ukwati wake ine ndinaimira unkhoswe, amene chaka chatha chomwechi ndinamukhazika pansi n'kumuphunzitsa kupepesa.

Munthu wanzeru akanati pepa, m'bale wanga. Koma ine, pokhala katswiri wa kusapepesa, ndinatuluka ndikuloza chala. Ndinati walowa mumsewu mwadzidzidzi pozemba dzenje, ndinati ndinaliza hutala kawiri. Ndipo chodabwitsa n'chakuti ndinkakhulupiriradi, poti sindinaone chimene chinachitika, ndiye ndinati ayenera kuti analakwa ndi iyeyo, ine zaka zonsezi sindinagundepo ngakhale nkhuku. Dayisoni anakana mwaulemu, anati anali m'mphepete mwenimweni. Poti ndife anthu odziwana, tinagwirizana kuti za kupolisi ayi, abwere Loweruka ndi amalume ake tidzakambirane kunyumba kwanga. Ndinamuuza monyada kuti asadandaule, ndili ndi mboni yosanama. Kupepesa kwa kunyumba kuja ndinati kudikire kaye, ndithane ndi mlandu.

Loweruka m'mawa Tadala anafika kuchokera ku Blantyre ndi laputopu yake, ndinali nditamuimbira foni. Dayisoni anabwera ndi amalume ake, a Makwiti, mkulu wofatsa wolankhula pang'onopang'ono, mlongo wake wa Mayi Juwawo. Tinakhala pabalaza. Tadala anachotsa kakhadi m'kamera muja, ndipo asanalumikize laputopu ku TV anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti bwanji tionere kaye awiriwiri. Ndinakana mokweza kuti alendo amve. Ndinati ine ndilibe chobisa, tionera tonse, ndipo tionera zonse osadumpha kanthu, kuti pasadzakhale wonena kuti a nkhoswe anakonza umboni. A Makwiti anagwedeza mutu, anati amenewo ndiye mawu a munthu wamkulu. Ndinamuuzanso Tadala kuti alumikize ku masipika aakulu aja timaliza pa Khirisimasi, osadziwa n'komwe kuti ndikufuniranji masipika pa chinthu chimene ndinkati n'chosalankhula. Ndinangofuna kuti alendo aone kuti tili nawo.

Tsono kakamera kaja kamadula zojambula zake m'tizidutswa ta mphindi zochepa, ndipo poti ine ndinali nditakanikiza mabatani mwachisawawa tsiku lina pofuna kupukuta fumbi, madeti ake anasokonekera. Tadala anati tizingotsegula chimodzichimodzi mpaka tipeze cha Lachinayi. Anatsegula choyamba. Msewu unaoneka bwinobwino, minda ya tiyi, mayi wosenza nkhuni. Ine ndinakhala motakasuka. Kenako m'masipika munatuluka kutsokomola, ndipo ndinakuzindikira kutsokomolako.

"Poyamba ndithokoze chifukwa cha mpata umene mwandipatsa," anatero munthu wa m'masipikayo.

Anzanga, munayamba mwamvapo mawu anu akutuluka m'chinthu china inu mutatseka pakamwa? Ndinayang'ana Tadala, iye anandiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti ababa, ndinakuuzani kuti kamajambula ndi mawu omwe, kachithunzi kaja ndi maikolofoni. Chitsononkho changa chija! Ndinalumphira rimoti kuti nditsitse, koma magalasi anga anali m'galimoto, chala chinapita pa batani lokweza. Ndipo nthawi yomweyo timawu ta m'mphuno tija tinadzaza nyumba yonse, tikuti inu ndinu mwamuna wabwino, m'boma lonse la Mulanje mulibe wina.

Dayisoni anayang'ana kudenga. A Makwiti anafunsa mwaulemu ngati m'galimotomo munali mayi wina. Ndinati ayi, ndi wailesi. Tadala anali ataluma chala, mapewa akugwedezeka. Ndinati chidutswa chimenechi sichikukhudzana ndi mlandu, tidumphe. A Makwiti anandikumbutsa modekha kuti mwini nyumba wanena yekha kuti tisadumphe kanthu. Ndinatembenuka kuti ndizule chingwe kukhoma, ndipo ndi pamene ndinaona kuti pakhomo lochokera kukhitchini paima amake Tadala, atanyamula thireyi ya tiyi. Sindikudziwa kuti anaima nthawi yaitali bwanji.

"Chisiyeni chingwecho, bambo," anatero. Anaika thireyi patebulo, anakhala pampando, n'kupinda manja.

Ndinakhala pansi. Nanga ndikanatani? Chidutswa chotsatira chinali cha mkangano wa pamlatho uja, ndipo anthu anayi anamvetsera ine ndikugonja kwa ine ndemwe pa nkhani ya malata. Chinzake chinali cha kalongonda. Mawu anga, omveka bwino ngati a muulutsi wa pawailesi, ananena kuti Mayi Juwawo mchere anathira ndi fosholo. Mwana wawo ali apo, mlongo wawo ali apa. A Makwiti anaika kapu yawo pansi pang'onopang'ono n'kunena kuti uthengawo akafikitsa. Ndinayesa kufotokoza kuti linali bodza, ndinkangofuna kusangalatsa mkazi wanga, kenako ndinazindikira kuti ndikuvomera pamaso pa mkazi wangayo kuti kalongonda uja analidi wokoma. Ndinatseka pakamwa. Thukuta linali litanyowetsa kolala yonse.

Kenako kunabwera nyimbo. Ine ndimati ndinaimba bwinoko, poti m'galimoto munthu umadzimva ngati katswiri. M'masipika zinamveka ngati mwana wa ng'ombe wosiyidwa kukhola. Tadala anagonja, anatsetsereka pampando mpaka pansi, akufunsa pakati pa kuseka kuti Esinati wa dengu ndi amama? Dayisoni anabisa nkhope m'chipewa. Ngakhale a Makwiti ndevu zinkanjenjemera. Ine ndinaba diso kuyang'ana mkazi wanga. Sankaseka. Ankayang'ana msewu wa pa TV uja ngati akuona chinthu china chakutali, ndipo milomo yake inkayenda pang'ono. Anali akutsatira mawu a nyimboyo. Ankaikumbukira yonse.

Chidutswa chotsatira kuseka kunatha. Chinali cha chipatala chija, cha chitenje chimodzi pansi pa bedi, cha singano. Pa TV pankangooneka msewu ndi nkhungu, koma kunkamveka mwamuna wamkulu akulankhula modukizadukiza, akufwenthera, akutchula dzina la mkazi wake. Palibe anayang'ana mnzake. Tadala anafuna kuimitsa, mayi ake anangokweza dzanja pang'ono, ndipo chinapitirira mpaka kumapeto. Sindinachitepo manyazi otero moyo wanga wonse, komanso, ndinene zoona, mtima unapepuka. Katundu amene ndinalephera kutula masabata atatu anali atatsika yekha.

Cha Lachinayi chinapezeka pomaliza, kamera inali itachisunga pachokha chifukwa cha kugunda kuja. Dayisoni anaoneka patsogolo, ali m'mphepete mwenimweni mwa msewu, akupalasa mowongoka ngati wapolisi pa perete. Dzenje panalibe. Hutala sanamveke. Chimene chinamveka ndi mawu anga akuti, ndikafika ndidzaweramitsa mutu chonchi, kenako ndidzatere. Ndipo kunamveka kuwomba m'manja, phu, phu, kuwomba kwaulemu kwenikweni, kenako khu, zinanazi m'mwamba.

A Makwiti anapempha kuti abwezeko pang'ono. Anamvetseranso, mutu uli chopendekeka. Phu, phu.

"Pepani a nkhoswe, ine za galimoto sindizidziwa," anatero. "Koma manja awiri akamawomba chonchi, sitelingi amakhala atagwira ndani?"

Mlandu unathera pomwepo. Ndinapepesa kwa Dayisoni, ndinapepesa kwa a Makwiti, ndinawapempha kuti uthenga wa fosholo uja usafike, ndikapepesa ndekha kwa mlongo wawo pa zimene sanamve n'komwe. Njinga ndinati ndikakonzetsa. Potuluka, Dayisoni anandigwira dzanja ndi manja awiri, mwaulemu wonse, n'kundifunsa motsitsa kuti a nkhoswe, kodi kwanu kuno dzuwa limalowa pakatha masabata angati? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Alendo atapita, Tadala anapeza chochita panja, mwana wanzeru. Ine ndinapita kuseri kwa nyumba kumene mkazi wanga ankatsuka makapu. Ndinaima kumbuyo kwake. Mfundo zonse zija, masabata atatu a kuyeserera, mafuta onse ndinawotcha, panalibe chimene chinatsala m'mutu. Ndinangoti, Esinati, ndinalakwa.

Sanatembenuke msanga. Anatsuka kapu imodzi yomweyo nthawi yaitali. Kenako anandifunsa ngati mawu ake amamvekadi choncho, ngati mbuzi yopanikizika pampanda. Ndinati ayi. Anati nanga za m'boma lonse la Mulanje mulibe wina, anazinena liti? Ndinati sanazinenepo. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndinaganiza kuti akulira, ndipo analidi akulira, komanso ankaseka, zonse pamodzi, mpaka anakhala pansi pa mwala wotsukirapo, manja ali thovu lokhalokha. Kuseka kuja ndinali nditakusowa masabata atatu. Ndinakhala pansi pambali pake, buluku langa la Loweruka m'matope, ndipo sindinasamale.

Atapuma anandiuza chimene chinamupweteka. Anati za Mayi Juwawo analibe nazo kanthu, mayiyo amaphika bwino ndipo aliyense akudziwa. Chinamuwawa n'chakuti anaona kuti pakamwa panga pamatha kuyamikira, pagulu, mokweza, ndipo iye zaka makumi atatu ndi chimodzi ankaganiza kuti ndinangobadwa wosatha kutero.

"Ndimati mulibe mawu," anatero. "Kani mawu muli nawo ambiri chonchi, mumangouza galimoto."

Ndinamugwira dzanja la thovulo.

Madzulo ake Tadala asanabwerere anatitengera kugalimoto kuti abwezeretse kakhadi. Anati ababa, bwerani ndikuonetseni, mukakanikiza batani ili kachithunzi kaja kamadulidwa ndi mzere, ndiye kuti mawu sakujambulidwanso, ndipo mukanyamula alendo muziwauza kapena muzizimitsa, si bwino kujambula nkhani za eni. Ulendo uno ndinamvetsera ngati mwana wa sitandade wani. Ndinatambasula chala kuti ndizimitsiretu mpaka kalekale, koma mkazi wanga anandimenya padzanja.

"Mukanyamula alendo muzizimitsa," anatero. "Mukakhala nokha, ayi. Tadala, undiphunzitse kotsegulira kakhadiko. Bambo akowa ndi m'menemu mmene amalankhulamo."

Ndiye ndi mmene zilili kwathu masiku ano. Tadala anawasiyira mayi ake kachipangizo kolumikizira kakhadi ku foni, ndipo Loweruka lililonse masana amakhala pakhonde, foni ili kukhutu, akumvetsera zimene mwamuna wawo wanena sabata imeneyo pakati pa Likhubula ndi Boma. Nthawi zina ndimamva akuseka okha. Nthawi zina amandiitana kuti ndidzafotokoze bwino mfundo ina. Unkhoswe ndikuchitabe, koma mwendo sindiikanso pamwamba pa unzake, ndipo ndikati pepesa lero lomwe, amuna ena amatsokomola, poti nkhani inafika kale m'midzi yonse, a Makwiti ndi ofatsa koma si osalankhula.

Ine ndinalumbira, ndipo inu mukhale mboni, poti mboni zamakina ndathana nazo. Ndikadzalakwanso, ndipo ndidzalakwa ndithu, ndidzapepesa kwa mwini wake, kuseri kwa nyumba, tsiku lomwelo, injini itazima. Kuimba m'galimoto sindinasiye, poti pali wina amene amati mawu angawa amawakonda choncho. Koma mukadzaona kagalimoto kanga kakubwera kumbuyo kwanu, musathawire m'tchire ayi. Ulemu ndimaperekabe, kungoti m'manja ndimawomba ndikaima.